Mbale ya pa Manda a Mayi Anga

Okondedwa omvera, ndikulemba kuchokera ku Namacula. Mayi anga anamwalira tikuthawa nkhondo, ine ndili wamng'ono, ndipo akhristu a m'mudzi wina kuseri kwa Chimbonila anawaika mothamanga.

Nkhondo itatha ndinapita kukafunafuna manda awo. Ndinapeza mabuku a kutchalitchi cha parokiya atapsa, mitanda itadyedwa ndi chiswe. Bambo wina wokalamba amene ankakumba manda anandiuza kuti, "Mwananga, nthawi ija tinkaika mbale ya malemu pamtumbira, titaiboola ndi msomali kuti isabedwe. Yang'ana mbale."

Ndinapalasa udzu tsiku lonse. Kenako ndinaiona mbale yachitsulo yobiriwira, yopindika m'mphepete. Ndinaipinda ndine posewera ndili mwana, ndipo tsiku limenelo mayi anandikwapula kwambiri. Ndinagwada pomwepo ndikulira, kulakalaka atadzuka andikwapulenso.