Ndinafunsa kokumana zidakwa, anandilozera kushabini

Abale ndi alongo mwa Ambuye, landirani moni wochokera kuno kukomboni ya Mtendere. Ine ndine mayi ake a Tiza, ndimagulitsa tomato ndi masamba a repu pamsika. Lero ndikufuna ndikuuzeni mmene Mulungu anabwezera mwamuna wanga ali kale pakhomo la manda. Sanalodzedwe ayi, chinkamupha ndi mowa.

Bambo a Tiza amawotcherera mageti ku Kalingalinga. Anayamba ndi masese a Loweruka, mapeto ake kachasu ndiye anasanduka tiyi wa m'mawa. Manja anayamba kunjenjemera moti makasitomala ankabweza mageti okhota. Kenaka maso anachita chikasu, mimba n'kutupa. Kukiliniki namwino anandiitanira pambali n'kundiuza mosapsatira kuti chiwindi chawonongeka, akapitiriza kumwa ndiyambiretu kufunafuna zovala zakuda.

Palibe chimene sindinayese. Ndinasala kudya, ndinaitana ankhoswe, ndinathira m'tiyi mwawo mankhwala amene mayi wina anandigulitsa kuti amadanitsa munthu ndi mowa. Anasanza tsiku lonse, madzulo ake n'kupita kukatsuka m'kamwa ndi kachasu yemweyo. Ndinene zoona, ndinatopa ndipo ndinafika powada. Tsiku lina ndinauza Mulungu kuti ngati akuwatenga awatenge, apo ayi andionetse njira, chifukwa nzeru zanga zinali zitatha.

Namwino uja anali atandiuzanso kuti m'makomboni muno muli magulu a anthu amene anasiya mowa, amakumana n'kumalimbikitsana, koma malo ake sankawadziwa. Ndinayamba kufunsa. Kuno chidakwa timati chakolwa, ndiye ine m'kufulumira kwanga ndinafunsa bambo wina wogulitsa makala kuti, “Batate, nifuna kuziba kwamene bakumana bachakolwa.”

Sanaganize n'komwe. “Yendani chabe kuseli kwa chigayo, pa geti ya blu. Muzabapeza bambili maningi.”

Ndinapita mtima uli m'mwamba, ndikuimba nyimbo yoyamika, Baibulo lili m'chikwama. Nditakankha geti, fungo ndilo linandilonjera. Inali shabini, abale anga, ndipo bambo wamakala uja sananame, achakolwa analipodi ambiri. Mwini wake anali Bana Chanda, mayi amene ndinkamutchula dzina m'mapemphero kuti bizinesi yake igwe, popeza ndi iye ankagulitsa kachasu kwa mwamuna wanga. Manyazi ndi mkwiyo zinandigwira nthawi imodzi, ndipo ndinangoyamba kulira pamaso pa anthu.

Mayiyo anandikokera kuseri kwa nyumba. Nditamufotokozera chimene ndinkafuna, anaseka pang'ono, kenaka nkhope inasintha. “Bamake Tiza, baja bantu nibaziba bwino, banitengela makasitomala. Umozi ni mwana wanga Chanda. Nine ninamupeleka.” Anandiuza kuti amakumana Loweruka masana m'kalasi ya sukulu ina yaing'ono ku Kalingalinga, ndipo salipiritsa kanthu. Sukuluyo mwamuna wanga ankaidutsa tsiku lililonse popita kuntchito.

Nditawauza bambo a Tiza anakana, ati iwo si amisala oti azikaulula za moyo wawo kwa anthu osawadziwa. Koma Bana Chanda anatuma mwana wake kumene amawotcherera kuja. Chanda anali mnzawo wa pabotolo, ndipo atasowa pashabini onse ankaganiza kuti anapita kumudzi kukafa. Bambo a Tiza atamuona atanenepa, malaya ali oyera, akuti anaika chitsulo pansi n'kumuyang'ana nthawi yaitali. Loweruka lotsatira anamutsata okha, ine osawakankha.

Atabwerako anandiuza kuti kumeneko munthu aliyense amaimirira n'kunena dzina lake, kenaka amati, “Nine chakolwa.” Mawu amenewa ndi amene ana a m'komboni ankawakuwiza nawo, iwo n'kumawathamangitsa ndi miyala. Tsiku limenelo anawanena ndi pakamwa pawo, ndipo palibe anaseka. Anzawo anangowayankha kuti afika, akhale pansi.

Sindikunamizani kuti zonse zinatheka tsiku limodzi. Kumaliro a msuweni wawo anagweranso mu mowa, ndipo ine mtima unasweka. Koma anzawo a kugulu anabwera kudzakhala nawo pakhonde, osawakalipira, ndipo Loweruka anapita nawonso. Kuyambira pamenepo mvula yagwa n'kutha, yagwanso, botolo sanaligwire. Maso anayera, mageti akuwongoka, ndipo namwino atawayezanso anagwedeza mutu n'kunena kuti tipite tikathokoze kumene timapemphera.

Ndikuthokoza Mulungu wanga amene anayankha pemphero la mkazi wokwiya, yankho lake n'kulisungitsa kwa munthu amene ndinkamutemberera. Ndikuthokoza abambo ndi amayi a m'kalasi muja, amene mayina awo sindingatchule chifukwa ndi lamulo lawo. Inu amene muli ndi wanu akumira mu mowa, musabise ndipo musatope. Funsani kukiliniki, funsani kutchalitchi, funsani ngakhale kumene mukuona ngati n'kosayenera, chifukwa magulu amenewa alipo ndipo ali pafupi kuposa mmene mukuganizira.

Dzulo bambo a Tiza anandidandaulira kuti ndiwo zachepa mchere. Ndinaseka mpaka misozi, iwo n'kumadabwa. Munthu wakufa sadandaula za mchere, abale anga. Wanga ali moyo. Ambuye alemekezeke.