Njanji ya Bambo Fakhry Yatsala Chitsulo Chimodzi

Malemu Bambo Fakhry Tadros Abadir anabadwa pa 9 Marichi 1947 m'mudzi uno wa Nag el-Sant. Sukulu anayamba mu 1953 ku Armant, koma sanapite nayo patali, chifukwa sitima ya nzimbe ikalira, iwo amakhala atatuluka kale m'kalasi.

Mu 1965 analembedwa ntchito yokonza njanji yaing'ono yopita kufakitale ya shuga. Pa 22 Okutobala 1972 anamanga banja ndi Mayi Mufida Girgis m'tchalitchi muno, ndipo mu 1974 anayamba kuyendetsa sitima. Ambiri a inu munadyako nzimbe zawo: akafika pasukulu ankachepetsa liwiro n'kuyang'ana kumbali. Ambuye awakumbukire pa zimenezo.

Mu 1993 nthambi ya njanji yodutsa m'mudzi muno inatsekedwa, nzimbe zitayamba kunyamulidwa pa mathirakitala. Chaka chisanathe, zitsulo za njanji zinali zitazulidwa n'kusanduka mitanda ya madenga. Mavuto a banja lathu anayambira pamenepo.

Malemu anatsimikiza mtima kubwezeretsa chigawo chochokera patchalitchi kukafika kumanda, kuti zidzukulu zidzaone njanji yeniyeni. Ankayenda khomo ndi khomo. Mukawapatsa tiyi, ankamwa maso ali kudenga. Pa chinkhoswe cha mwana wawo Nargis, mu 1999, anauza bambo a mnyamata kuti, "Nyumba yabwino, achimwene, koma chitsulo icho ndinachimanga ndine pamlatho." Ukwati unatsala pang'ono kutha usanayambe. Ngakhale pamaliro ankayang'ana kudenga, mpaka anansi anayamba kutilandirira panja tonsefe. Mayi ankati, "Bambo a Ramzi, mukanangokwatira njanjiyo, mwina bwenzi ikukuchapirani malaya a girisiwa." Komabe aliyense wobweza chitsulo, malemu ankamupezera mtanda wina n'kumukhomera denga ndi manja awo, osauza munthu.

Atapuma pa ntchito mu 2007, tinkati tipumanso. Ayi ndithu. Anakonza kangolo ka panjanji kokankha ndi manja, ndipo mafuta ophikira anayamba kusowa kukhitchini.

Mu Disembala 2024 anadwala mtima ndipo anagonekedwa m'chipatala ku Luxor. Anapempha chinthu chimodzi: kuti bokosi lawo lidzapite kumanda pa kangolo kaja. Mwana wawo Ramzi anawakumbutsa kuti pafupi ndi ngalande, panjira ya kumandako, pakusowabe zitsulo zinayi. Iwo anati, "Zitatu zibwera. Chachinayicho musachivute." Sitinawamvetse. Anatisiya pa 3 Febuluwale 2025.

Dzulo m'mawa tinapeza zitsulo zitatu zitasiyidwa pangalande, laimu wa m'nyumba akadali pomwepo. Sitifunsa amene abweretsa. Mulungu akudalitseni, ngakhale mukanatha kuchita zimenezi zaka makumi atatu zapitazo.

Chachinayi, mayi atiululira m'mawa uno. Chili kunyumba kwa malemu komweko, chagwira denga la kachipinda ka uvuni. Mayi anachiika okha mu 1994 n'kuchimata dothi. Munthu amene anayang'ana denga lililonse m'mudzi muno, m'kachipinda kameneko ankalowa atazolika, n'kutenga buledi wotentha, n'kuthokoza, n'kutuluka. Mayi akuti chitsulocho sichichoka, ndipo ife sitilimbana nawo lero.

Choncho tikafika pangalande, kangolo kaima. Tipempha amuna asanu ndi mmodzi anyamule bokosi pamapewa mtunda wa mapazi khumi, ndipo ena anayi anyamule kangoloko, chifukwa nako sikauluka. Amene munabweretsa zitsulo, mphamvu muli nazo.

Malemu asiya mayi, ana atatu, Ramzi, Nargis ndi Wagdi, zidzukulu zisanu ndi ziwiri, ndi mlongo wawo Mayi Tafida. Tikuthokoza wansembe wathu Abuna, anamwino amene ankawamvetsera akamafotokoza za njanji, anzawo akale akuntchito amene anagwada tsiku lonse dzulo kumanga zitsulo, ndi amayi amene akhala akubweretsa mphodza osafunsa.

Apumitseni mumtendere Bambo Fakhry, Ambuye, ndipo njira yofikira kwa Inu aipeze yosaduka.