A Kalekeni Adikira Lachinayi

Malemu Bambo Fryson Kalekeni, amene agona patsogolo pathupa, anabadwa pa 9 Okutobala 1941 m'boma la Ntcheu. M'banja mwawo anabadwa awiri okha, iwo ndi akulu awo a Henderson. Ine ndaima pano ndine Bester, mlamu wawo, mlongo wa anamfedwawa, Mayi Sellina. Akuluakulu a mpingo, a ku ofesi ya kazembe, abale athu a ku Zambia, ndi nonse mwadzaza tchalitchi chino cha ku Alexandria kuno ku America, mundikhululukire ngati mbiriyi ipatuke panjira. Mtima wanga suli m'malo. Kuwonjezera pa maliro, banjali lili ndi mlandu Lachinayi likubwerali, ndipo tikagonja titaya mwana.

Malemu anaphunzira pulayimale pa sukulu ya mishoni kwawo komweko, sekondale n'kukachitira ku Blantyre. Mu 1962 anayamba kuyendetsa galimoto za boma. Pa 6 Julayi 1968 anamanga ukwati woyera ndi mlongo wangayu. Mu 1970 boma linawatumiza kuno kudzayendetsa galimoto ya ku ofesi ya kazembe, pa Massachusetts Avenue paja, ndipo banja linakhala ku Columbia Heights. Kumeneko kunabadwa Norah mu 1972 ndi Rex mu 1975.

Mu 1976 nthawi yawo ku ofesi ija itatha, anapeza chilolezo chokhala kuno, nasamukira ku Alexandria, nayamba kuyendetsa basi ya sukulu ina ya sekondale. Ndi mu basi imeneyo mmene anatengera matenda a basiketibo. Inu mukuwadziwa alamu angawa, munthu wamfupi woti pa chiwongolero ankakhalira pilo, koma mtima wonse n'kuupereka ku masewera a anthu ataliatali! Ankanyamula timu ya sukuluyo kupita nayo kokasewera, ndipo timu yake inali yomvetsa chisoni. Chaka ndi chaka inkangokwapulidwa. Pobwerera anyamata ankakhala ali zii, malemu okha ndiwo ankayimba nyimbo za kwaya kuti ana a eni ake asalire. Ifenso anatikokera komweko. Tinkakhala pakona ya holo, majekete ali m'thupi, kuchemerera anthu oluza. A Chomba a ku Lusaka ankawanena kuti timu yawoyo ikanakhala mbuzi bwenzi atagulitsa kalekale, koma sabata yotsatira a Chomba omwewo ndiwo ankayamba kufika.

Mu Ogasiti 1979 a Henderson anamwalira, akazi awo atatsogola kale. Malemu anapita kumudzi. Pa tsiku lometa, akuluakulu a banja anatenga mwana yekhayo wa a Henderson, Greyson, wa zaka khumi ndi zitatu, n'kumupereka m'manja mwawo pamaso pa anthu. Kwathu zikatero zatha. Mwana wa mkulu wako sumutchula dzina lina, ndi mwana wako basi. Anabwera naye kuno, namugoneka chipinda chimodzi ndi Rex, namulembetsa sukulu, ndipo aliyense wofunsa ankamuuza kuti uyu ndiye chisamba chawo. Akalakwa ankamukalipira mofanana ndi anzakewo.

Tsono mwanayu anayamba kukula ngati nsungwi ya m'dambo. Pasanathe zaka ziwiri ankawerama polowa pakhomo, mayi ake atatopa n'kusokerera nsalu kumiyendo ya mathalauza. Atagwira mpira, mbiri inawanda. Mu 1982 makochi a sukulu za anthu olemera za mu Washington anayamba kugogoda pakhomo pa a Kalekeni, aliyense akufuna Greyson. Ife ochemerera tulo tinalibe. Tinkadziwa kuti mwayi wotere sugogoda kawiri pa timu ngati yathu, komanso tinalibe choti tingamukope nacho. Malemu, ngakhale mtima unkawawawa, anamuuza mwana kuti asankhe yekha.

Loweruka pa 28 Ogasiti 1982, Greyson anayankha kuti adzasewerera timu imene bambo ake amainyamula. Aliyense wa ife amakumbukira pamene anali tsiku limenelo. Mayi Lenifa, wochemerera mnzathu, anasiya zovala zikuzungulira m'makina ochapira, ulendo wothamanga kukauza anzawo. A Chomba anaimika takisi pakati pa msewu akuliza huta mpaka wapolisi anawayandikira. Ine ndinapeza malemu atakhala pa masitepe a nyumba yawo, nsapato imodzi yokha kuphazi, akuseka misozi ili mbwembwembwe. Pa masewera oyamba mu Disembala, Greyson atalumpha n'kuukhomera mpira m'dengu ndi manja onse awiri, amayi athu anaimba nthungululu mwakuti mlonda wa paholo anathamangira kudzaona amene wavulala. Timu ija inayamba kupambana. Holo inkadzaza. Pofika 1983, yunivesite ina yaikulu inalonjeza kuti Greyson akamaliza sekondale idzamuphunzitsa ulere kuti aziisewerera.

Walira mvula walira matope. Mu Novembala 1983 sukulu ina imene tinaigonjetsa inakadandaula ku komiti yoyendetsa ligi. Akuti lamulo lawo limafuna kuti wosewera azikhala ndi kholo lomubereka, kapena munthu amene khoti linamupatsa mwanayo. Malemu anapita okha kukayankha, suti yawo ya ku tchalitchi ili m'thupi, poganiza kuti ndi nkhani yaing'ono. Atafunsidwa ngati Greyson ndi mwana wawo, anavomera. Atafunsidwa ngati anamubereka, anati ayi. Atafunsidwa za khoti, anaseka, nafunsa kuti ndani amapita kwa woweruza kukapempha mwana wake yemwe. Kuseka kumeneko ndiko kunatipweteketsa. Komiti inati a Kalekeni ananamiza sukulu, anachita kukatenga mnyamata wamtali ku Africa kuti timu izipambana. Munthu woti ankabweza chenji chopitirira ku sitolo, lero atchedwe wabodza!

Mu Januwale chaka chino cha 1984 anamuimitsa Greyson kusewera. Chigamulo chomaliza anachiika Lachinayi pa 16 Febuluwale. Tikagonja, mpira wathera pomwepo, malo a ku yunivesite apita, ndipo atiuza poyera kuti nkhaniyi aitumiza ku ofesi yoona za anthu olowa m'dziko. Mwanayu akabwezedwa, kumudzi akafikira kwa yani? Makolo omubereka ali kumanda.

Komiti inati ikhoza kumva mboni zofotokoza mwambo wathu. Malemu anayenda khomo ndi khomo m'chisanu chija, ndipo ambiri muli muno anakugogoderani. Ena munati muyambe mwapempha chilolezo kumudzi. Ophunzira munati mukuopa kuti mapepala anu angayambe kufufuzidwa. Ena munangoti tiona. Mantha amenewo ndikuwamvetsa, tonse ndife alendo m'dziko muno. Koma munthuyu ankabwerera kunyumba ali yekhayekha, chakudya osachikhudza, mankhwala a kuthamanga kwa magazi n'kumaiwala kumwa.

Lolemba pa 6 Febuluwale m'mawa, akupala chisanu pa galasi la basi, anagwa. Anzawo a kuntchito anathamangira nawo kuchipatala, koma mbali imodzi ya thupi inali itafa kale ndipo pakamwa sipanatsegukenso. Anatisiya Lachitatu pa 8 Febuluwale, ali ndi zaka makumi anayi ndi ziwiri.

Tinakonza zoti thupi linyamuke pa ndege kupita kumudzi Lachiwiri, mkuja uno. Greyson anati iye ndiye mwana woyamba, aperekeza bambo ake n'kukaponya dothi, za mlanduzo zikhale. Koma akasowa Lachinayi, komiti igamula iye kulibe, ndipo mwina sadzaloledwanso kulowa m'dziko muno. Tinamunyengerera, anakana. Kumudzi nako pa telefoni anati anthu asonkhana kale pasiwa, adzukulu akungodikira, maliro sasungidwa ngati chimanga. Apo ndi pamene mlongo wangayu anatsegula pakamwa. Anati: "Bambo ake amudikira. Sanazolowere kusiya mwana panjira."

Choncho ulendo tausintha. Akuluakulu a kumudzi atikwiyira, ndipo ali ndi chifukwa. Bokosili likachoka muno silipita ku bwalo la ndege, libwerera ku chipinda chozizira mpaka Lachisanu. Alamu anga, amene ankadana ndi chisanu moti ankavala masokosi awiriawiri ngakhale mu Meyi, kuno kutafunda kale, akagona mmenemo chifukwa ife amoyo tinakanika kulankhula.

Ndikugwadirani, abale anga. Sindikupempha chopereka, mwapereka kale. Ndikupempha miyendo yanu ndi pakamwa panu. Lachinayi, teni koloko m'mawa, ku maofesi a sukulu. Chingerezi chothyokathyoka chikwana. Mukangonena zimene munaona: amene ankamugulira nsapato mwanayu, amene ankamudikira kuchipatala, ndi mmene kwanu mumamutchulira mwana wa mkulu wanu. Tinaimba nthungululu tsiku limene timu inamupeza Greyson. Tisakhale chete tsiku limene akumuchotsa.

Malemu asiya mkazi wawo, Mayi Sellina, ndi ana atatu: Greyson, Norah ndi Rex. Ndati atatu, ndipo amene akumva Chingerezi chokha muno wina awamasulire.

Banja likuthokoza abusa ndi amayi a mvano amene akhala akugona pasiwa, madalaivala anzawo amene anawanyamula atagwa, a kochi ndi anyamata a timu amene anyamula bokosili, ndi a Chomba, amene mpaka pano ndi okhawo anena kuti Lachinayi adzafika.

Mwambo umati nditsirize ndi mawu oti mzimu wawo uuse mumtendere. Ndikuwanena ndi mtima wonse. Koma alamu, ndikukudziwani, simuusa mwana wanu asanaweruzidwe. Pirirani nacho chisanucho masiku owerengekawa. Lachisanu mupita kwanu, Greyson ali pambali panu.