Chitenje pa kabowo ka mpweya

Abale ndi alongo mwa Ambuye, landirani moni kuchokera kuno ku Glasgow. Ndikufuna ndikuuzeni za tsiku limene ndikanafera m'nyumba mwanga, patangotha masabata atatu nditaika mkazi wanga m'manda.

Linali Loweruka la mu Januwale. Mphepo inkalira m'chumuni, mvula ikugogoda pawindo kuyambira m'mawa. Nyumba yathu ndi yakale ndipo ilibe gasi. Kukhitchini kuli boyila ya malasha, imene imatenthetsa zipinda ndi madzi osamba. Ankaidziwa bwino ndi mkazi wanga, mayi a Tadala, ine yanga inali yonyamula matumba basi. Atamwalira ndinaphunzira kuwola phulusa ndi kuthira malasha, koma zina zonse sindinkazidziwa. Kunena zoona, masiku amenewo ndinalibe nazo ntchito kaya kucha kaya kusacha.

Tsikulo akumpingo anabwera kudzandipepesa monga timachitira kwathu. Amayi anasesa, kuchapa ndi kuphika, abambo atakhala nane pabalaza. Pafupi ndi boyila pali kabowo pakhoma kolowetsa mpweya wakunja. Mayi Chirwa, amene amatsogolera amayi, anamva mphepo ikuwaomba m'miyendo. Anati munthu wofedwa sangamagone m'nyumba yolowa chisanu chonchi, ndipo anatsekapo ndi chitenje chawo. Tili pakati pa nyimbo, kachipangizo kochenjeza za mpweya woipa kanayamba kulira. Bambo Gondwe, mkulu wa mpingo, anayesa ndi nthunzi ya m'miphika, n'kuchotsa batire kuti mapemphero asasokonezeke. Ine ndinakamva kakulira, kenako kanasiya, ndipo sindinafunse.

Alendo atapita chakumasana, ndinathira malasha ambiri, n'kutseka zitseko, n'kukhala pampando. Mutu unayamba kuwawa, kenako nseru. Nditayesa kuimirira miyendo inakana. Foni inali patebulo pomwepo koma dzanja silinafike. Ndinapemphera chamumtima kuti, "Ambuye, ngati nthawi yanga yakwana sindikana, koma Tadala asaike makolo awiri mwezi umodzi." Apa m'pamene ndinadziwa kuti moyo ndinkaufunabe.

Woyandikana nafe nyumba ndi Bambo Alec, mzungu wachikulire amene kale ankawotcherera zitsulo kopangira sitima zapamadzi ku Govan, konkuno ku Glasgow. Zaka zonsezi tinkangopatsana moni. Akukataya zinyalala, anaona nsalu yamaluwa itatulukira pa kabowo kaja. Anandiuza pambuyo pake kuti kuntchito anaonapo anthu akukomoka m'zipinda zotsekeka chifukwa cha mpweya woipa, n'chifukwa chake anathamangira pakhomo panga. Anagogoda, ine osayankha. Anaswa galasi la chitseko chakuseri, kundikokera panja pamvulapo, n'kuitana ambulansi.

Ndinatsitsimukira kuchipatala. Adokotala anati ndinapuma mpweya woipa wochokera m'boyila, ndipo kunangotsala pang'ono kuti ndife. Tadala anafika atakwiya, akulankhula Chingerezi chake cha kuno mothamanga, kunena kuti akumpingo aja asadzapondenso pakhomo pathu. Sindibisa, mkwiyo ndinali nawo, makamaka ndikaganiza za batire lija. Koma ndinkakumbukiranso kuti boyilayo inali m'nyumba mwanga, ndipo nanenso sindinkadziwa ntchito ya kabowoko.

Tsiku lachitatu kunabwera Mayi Chirwa ndi Bambo Gondwe. Mayi Chirwa anagwada pambali pa bedi, anamwino akuyang'ana modabwa.

"Bambo a Tadala, ine ndimati ndikutetezeni ku chisanu," anatero. "Ndikanakuphani ndi manja angawa."

Bambo Gondwe anapisa m'thumba la jekete, natulutsa batire lija n'kuliika pa katebulo.

Lero ndili kunyumba, ndili bwino. Amisiri anayendera boyila ndi kupukuta chumuni, ndipo Bambo Alec anandiphunzitsa kuti moto wa malasha umafuna kupuma ngati munthu. Nditanena zimenezi kumpingo, mabanja ena anapita kukabwezeretsa mabatire amene nawonso anachotsa. Ndikuthokoza Mulungu amene anamva pemphero losatuluka n'komwe pakamwa, natuma munthu amene sindinamuitanepo ngakhale kudzamwa tiyi. Inu amene mwatopa, amene mukuona ngati mawa alibe phindu, musaleke kupemphera ngakhale mawu atakuthera. Chithandizo chikhoza kukhala kuseri kwa mpanda wanu.

Tadala akadali ndi kamkwiyo, ndipo sindikumukakamiza. Koma ine, Mayi Chirwa ndi Bambo Gondwe ndinawakhululukira.