Foni ya Katongo Ikupempha Kulowa

LOLEMBA MASANA

Akomboni nonse, a ku Kanyama, Matero, Chawama mpaka ku George, senderani pafupi ndi wailesi, mapepala anu afika m'manja mwanga. Ena ndi onyowa ndi mvula, koma tiwerenga.

Amayi Emelda Njobvu Chisala a ku Kanyama, kuseri kwa chigayo chofiira, akudziwitsa abale ndi abwenzi kuti amuna awo, Bambo Katongo Chisala, sakuoneka kuyambira Lachisanu, tsiku lija madzi analowa m'nyumba za anthu. Ambiri mukuwadziwa: ndi aja amataipa makalata ofunsira ntchito pakhonde pawo, pa monita yaikulu ya kompyuta, ija yamakono yotchedwa simati, imene odutsa amaima n'kumaisuzumira. Anatuluka m'mawa atavala jombo ndi jekete yachikasu, akuti akukagula inki m'tauni. Anatenga foni yakuda yosweka pakona. Loweruka inkalira osayankhidwa, tsopano sikupezekanso. Amayiwa azungulira zipatala ndi mapolisi mpaka miyendo kutupa, akuperekezedwa ndi Bambo Chabwera Sakala, mnzawo wa ponda apa n'pondepo wa osowawa. Pansi pa pepala alembapo mawu awoawo: "Ba Katongo, ngati ni nkhani ya monita, sinizakambako futi. Bwelani chabe kunyumba." Chilengezochi chachokera kwa Amayi Emelda Chisala.

LACHINAYI MASANA

Lero tiyamba ndi zachisoni. Bambo Chola Chisala a ku Chipata komboni akudziwitsa abale a ku Kasama, Kitwe ndi Ndola, ndiponso akuchikazi a ku Katete, kuti mng'ono wawo Katongo Chisala, amene tinalengeza kuti wasowa, watisiya. Thupi lapezeka dzulo m'dzenje lodzaza madzi, limodzi mwa aja okumbamo miyala, kufupi ndi kwawo komweko. Jekete ndi jombo anali nazo, foni yokha ndiyo sinapezeke. Maliro ali panyumba ya malemu. Mwambo woika ndi Loweruka kumanda a Chingwere, ndipo minibasi zidzaima pachigayo chifukwa kutsogoloko n'thope lokhalokha. Akuchimuna akupempha kuti katundu wa malemu asasunthidwe, ngakhale supuni, mpaka abale atakhala pansi. Chilengezochi chachokera kwa Bambo Chola Chisala, m'malo mwa banja.

LACHIWIRI MASANA

Ichi ndiwerenga monga chalembedwera, musandifunse ine.

Bambo Chola Chisala akuitana abale onse, makamaka atsibweni a Amayi Emelda ochokera ku Katete, ku msonkhano wa banja Lamulungu likudzali, nthawi ya teni m'mawa, panyumba ya malemu. Nkhani ndi monita ya malemu. Akuti chiikireni maliro yayaka yokha katatu, dzuwa likuswa mtengo, rimoti ili m'kabati. Ikayaka imalemba m'Chingerezi mawu otanthauza kuti: "Foni ya Katongo ikupempha kulowa. Mukulola?" Mboni ilipo, ndi Bambo Chabwera Sakala, amene anali m'nyumbamo maulendo onse atatu: pobwera ndi makala, pokonza chitseko, ndi pobwera kudzapepesa. Akuti ulendo wachitatu anatuluka thukuta mpaka kukana tiyi.

Akuchimuna akuti munthu wogona bwino sapempha kulowa m'nyumba mwake. Akukumbutsanso kuti Kanyama yonse inamva mkangano wa chaka chatha. Amayi Emelda ankafuna tivi wamba ya dikoda, yoonerapo makwaya, pamene malemu anakakamira monita ya simati, ati masana ndi ya ntchito, akaweruka ndi tivi, ndipo sifuna dishi padenga. Amayiwa anamveka akunena kuti, "Ichi chinthu chizakudyani." Msonkhano udzaona ngati amayiwa angapitirize kukhala panyumbapo. Monitayo ikugulitsidwa kwa aliyense wolimba mtima. Chilengezochi chachokera kwa Bambo Chola Chisala.

Chotsatira n'chochokera kufupi komweko. Amayi a chigwirizano a ku Kanyama akuitana anzawo ku mapemphero mawa masana kwa Amayi Emelda Chisala. Akuti monita aiphimba ndi chitenje, monga tiphimbira galasi pamaliro, koma ikayaka kuwala kumatulukira m'maluwa a chitenjecho. Amayiwa akhala panja masiku atatu, sakudya, ndipo akuchita mantha ngakhale kulowa kukatenga bulangete. Oyandikana nawo aleka kudzapala moto. Akuti akawafunsa za mawu aja oti chinthucho chidzawadya amangolira n'kumati, "Ninali kukamba za maso yao chabe, kuti bazaononga maso." Bwerani ndi mabuku a nyimbo. Chilengezochi n'cha amayi a chigwirizano.

LACHINAYI MASANA

Bambo Dyton Mvula a ku Matero, ogulitsa ndi kukonza makompyuta, akudziwitsa makasitomala onse kuti katundu wawo alibe mizukwa. Anthu atatu abweza kale mamonita, wina wafika ndi m'busa wake. A Dyton ndi amene anagulitsa monita ija kwa malemu Katongo, ndipo akuti timvetsere bwino, anena kamodzi kokha.

Monita wamba ndi mbuli, imadikira kompyuta kuti iionetse chochita. Tivi imakuonetsani zimene ena atumiza, basi. Wofuna kungoonera mpira agule tivi, wofuna kungotaipa agule monita wamba, asadzivutitse. Ya simati ndi ya munthu wa chipinda chimodzi amene akufuna zonse ziwiri pathebulo limodzi, ndipo kusiyana kwake n'kwakuti imakumbukira. Foni imene inazolowerana nayo ikafika pafupi, ziwirizi zimapatsana moni zokha, monga agalu a khomo limodzi. Koma foniyo iyenera kukhala yoyaka, yotchajidwa, ndipo isapitirire masitepe khumi ndi asanu. Kuchotsa simukadi sikusintha dzina lake.

Mawu awo otsiriza ndi awa: "Foni siingayake mu manzi, na bakufa sibachaja batire. Osayang'ana mukazi wamasiye. Yang'anani matumba ya bamene banali mu nyumba." Chilengezochi chachokera kwa Bambo Dyton Mvula, shopu ya chitseko chobiriwira pamsika.

Ine ndilibe chowonjezera. Tipitirire ndi za mbuzi yosowa ku George.

LOWERUKA MASANA

Amayi Felistus Sakala a ku Chawama akudziwitsa abale a ku Petauke ndi abwenzi onse kuti amuna awo, Bambo Chabwera Sakala, asowa kuyambira Lachinayi. Akuti ankamvera limodzi pologalamu ino, ndipo pakati pa zilengezo bambowa anaimirira, anasiya chakudya, n'kutuluka osavala sokosi. Njinga anaisiya. Amayiwa akupempha anthu kuwamvera chisoni, chifukwa chimwalirireni mnzawo Katongo sagona, sadya, ndipo amakana kudutsa njira ya ku maenje. Ndiwo ananyamula bokosi la maliro mbali ya kumutu. Avala malaya oyera ndi thalauza la khaki. Nambala yawo yakale ikulira m'nyumba momwemo, koma anyamula foni ina imene anati anagula pamsika masabata awiri apitawa. Ndi yakuda, yosweka pakona. Wowaona adziwitse apolisi kapena a mpingo. Chilengezochi chachokera kwa Amayi Felistus Sakala, amene akuti sakudziwa chimene analakwa.

Amayi, pepani. Ndamaliza kuwerenga pepala lanu.

Dikirani. Andipatsira china, chabwera pa foni tsopano lino, inki yake sinaume.

Amayi Emelda Chisala a ku Kanyama akudziwitsa alamu awo Bambo Chola kuti asadikire za mawa, abwere lero. Akudziwitsanso oyandikana nawo onse kuti monita yayakanso. Yayaka mphindi makumi awiri zapitazi, ndipo m'nyumba ali okha. Dzulo anabwerera m'nyumbamo, anachotsa chitenje, anakhala patsogolo pake kudikira. Mawu ndi omwe aja: foni ya Katongo ikupempha kulowa. Akuti yazima kamodzi n'kuyakanso, ngati munthu akuyenda uku ndi uku.

Akhoma chitseko ndipo atsamiritsako thebulo. Apolisi awaimbira, akubwera wapansi chifukwa madzi atseka msewu wa pachigayo. Amayiwa akuti masitepe khumi ndi asanu anawawerenga dzulo mbali zonse. Kutsogolo amathera pa mpopi, ndipo pampopi palibe munthu. Kumanzere ndi kumanja kuli madzi okhaokha. Kuseri amathera m'chipinda chija chopanda denga, chimene malemu anamanga ndi mnzawo kuti chidzakhale shopu.

Wailesi aiika pazenera lakuseri ndipo akweza mawu, choncho ichi ndiwerenga pang'onopang'ono kuti chimveke bwino.

"Ba Chabwera, niziba muli apo. Munayenda naine ku vipatala vonse, munanigulila manzi ya kumwa, munaniuza kuti limbani mutima mulamu. Ntawi yonse iyo foni inali mu tumba mwanu. Ngati mwabwela kupwanya monita, yakamba kale. Ngati mwabwela kukamba, kambani pamene bantu bafika. Nifuna chabe kuziba vamene vinachitika pa mugodi paja, na ngati banaitana zina langa."

A ku Kanyama, inu a kuseri kwa chigayo chofiira, musadikire nyimbo ithe. Valani jombo, pitani awiriawiri.

Patsala mzere umodzi, ndipo amayiwa apempha kuti ndisaudumphe. Akuti monita sikugulitsidwanso. Akuti chaka chathunthu anaitukwana kuti ndi chinthu chodziwa zambiri, koma lero akupepesa kwa amuna awo: "Ba Katongo, munagula bwino. Tivi yanga ija sembe inangokala zii."

Chilengezochi chachokera kwa Amayi Emelda Njobvu Chisala, amene akadali pa foni, ndipo akuti chitseko chakuseri chagogodwa.