Ankati Ndine Wamatama, Pomwe Sindinkaona Patali

Moni nonse okondedwa mwa Ambuye. Ndine Esinati wa kwa Maganga, ndipo banja langa linatsala pang'ono kutha chifukwa cha maso.

Ndili mwana ndinadwala nyamakazi. Mawondo ndi zala zinkatupa, anzanga akusewera fulaye ine ndili gone pamphasa. Nditakula ululu unachepa, ndinakwatiwa n'kupita kuchitengwa, osadziwa kuti maso akufooka pang'onopang'ono. Mpunga ndinkasankha osasiyamo kamwala, koma munthu akaima patali ndinkangoona chimbuuzi.

Tsiku lina ndinadutsa apongozi anga panjira ya kudimba. Iwo anaima chapatali kudikira kuti ndigwade ndipereke moni, ine osawaona. Nkhani inafika kwa ankhoswe.

"Nsabwe m'mutu mwa mwana amaziona," anatero apongozi. "Ine ndiye ndachepa kuposa nsabwe?"

Inenso sindinkadziwa kuti ndi vuto la maso. Amuna anga anangozolika, ndipo ankhoswe anati zikachitikanso ndibwerere kwathu.

Mantha anandigwira. Ndinayamba kugwadira chilichonse chooneka ngati munthu, ndi mawondo anga oumawa. Mpaka ndinapereka moni kwa chitsa cha mango, ana akundiseka. Ndinalira, abale. Pemphero langa linatsala lalifupi: "Ambuye, ndatopa, mundionere ndinu."

Yankho linadzera kumene sindinkayembekezera. Pamsika wa Salima mayi Asiyatu, Msilamu wogulitsa usipa, anandiona ndikutsinzinira maso kufunafuna amuna anga, amene anali poteropo.

"Wallahi, mwananga, iwe suona," anatero molumbira. Anavula magalasi awo n'kundiveka. Ndinaona masamba a mtengo, lililonse palokha, ndipo ndinakuwa ngati mwana.

Anasiyira mnzawo usipa n'kutiperekeza kuchipatala. Adokotala ataona zala zanga zopindika anafunsa za ubwana wanga, n'kunena kuti ambiri odwala nyamakazi ali ana amadzavutikanso maso akakula. Amuna anga anamva okha ndi makutu awo, ndipo anakafotokozera apongozi.

Tsiku lomwe ndinalandira magalasi anga, ndinawaona apongozi akadali kutali, atasenza chinangwa. Ndinagwada pomwepo n'kudikira. Atafika anatula mtolo n'kundigwira mkono.

"Dzukani, amayi, mawondowo mupweteka. Ndinalakwa ndine."

Mulungu alemekezeke, ndipo adalitse mayi Asiyatu. Inu amene mukunenedwa pa chinthu chomwe simungathe kuchifotokoza, musaleke kupemphera. Mulungu ankandiona bwinobwino nthawi yonse imene ine ndinkagwadira chitsa.