Ndinawauza Alongo Anga Kuti Apumitse Mutu

Abusa, akulu a mpingo, amayi ndi abambo, mtendere wa Ambuye ukhale nanu. Mukundidziwa, ine si munthu woyankhula kutsogolo kuno. Malo anga ndi kumbuyo uko, pafupi ndi zenera. Koma lero ndikufuna kuchitira umboni. Eni ake a nkhaniyi, alongo anga a NaBanda ndi amuna awo, ndawapempha ndipo andilola. Zina ndizinena mwamanyazi, amayi mundikhululukire.

Kwathu kuja kwa Chiosya, ine ndine nkhoswe ya ukwati wa alongo angawa. Alamu anga anabwera chikamwini ine ndili mnyamata, ndipo abereka ana asanu pamudzi pathu. Mkazi wanga ali moyo, unkhoswe unali wopepuka. Alongo akakhala ndi nkhani ya chizimayi ankauza iye, iye n'kundiuza zimene ndinayenera kumva, zotsalazo n'kusunga. Atamwalira, njira ija inatsekeka. Mwamuna sungafunse mlongo wako za m'thupi mwake. Mukudziwa inu.

Chaka chatha alongo anga anayamba kusintha. Tsiku lolandira mbewu ndi feteleza za sitatapaki ananyamuka ndi thumba, n'kubwerera panjira ataiwala kumene amapita. Ndiwo ankathira mchere kawiri. M'mwezi wa Juni, tonsefe tikunjenjemera ndi chisanu, iwo thukuta lili kamukamu, akudzikupiza ndi chitenje. Mawu ochepa, misozi. Mawu ochepa, ukali. Kenako pamaliro ena akutsogolera nyimbo, monga achitira zaka zonsezi, anafika pakati n'kuima. Mawu anawathawa. Amayi ena muli pano munalipo, munaona mmene anthu anayang'anizirana.

Chimene chinathyola zonse ndi khitchini. Anasiya nyemba pamoto n'kupita kudimba. Tinangoona utsi. Denga lonse linapsa, Mulungu yekha ndiye anatchinga kuti moto usafike kunkhokwe.

M'mawa mwake alamu anga anabwera kwathu. Anakana mpando, anakhala pansi.

“Alamu, ndabwera kwa ankhoswe. Munthu wanu uja wazungulira mutu. Lero khitchini, mawa nditenthedwa ndine. Ndikakumba mtedza wanga, mudzaitane ankhoswe akwathu tikhale pansi. Ndizipita.”

Ndinati, “Alamu, zaka zonsezi?”

“Anthu a kuboda, kumalire kumene ndimagulitsa mtedza, andiuza. Akuti zoterezi sizichira. Akuti n'za anthu.”

Abale, ine sindifulumira kuweruza. Sindinawatukwane alamu anga, pakuti ndinaona kuti m'maso mwawo munali mantha, osati nkhanza. Ndinangopempha kuti asachite kanthu mtedza usanakumbidwe. Panatsala miyezi inayi.

Tsono tamverani cholakwa changa, pakuti umboni wanga wagona pamenepa. Ndinaganiza kuti mutu wotopa umafuna kupuma, monga ng'ombe yotopa timaimasula pangolo. Ndinapita kwa alongo anga n'kunena kuti, “Kuyambira lero mupumitse mutu. Zotsogolera nyimbo musiye. Kubungwe la amayi musamapite. Kumsika adzipita ena, kudimba adzipita ena. Inu muzingokhala.”

Anati, “Chabwino achimwene, mwanena ndinu.”

Anamvera. Anakhala pakhonde, dzuwa kutuluka, dzuwa kulowa. Ine n'kumati ndathandiza. Ndathandiza! Mwezi woyamba anasiya kuseka. Mwezi wachiwiri anasiya kufunsa kuti lero ndi lachingati. Ukawapatsa moni ankayamba akuyang'anitsitsa asanayankhe. Mtedza kumunda unali ukukhwima, ndipo tsiku lililonse ndikadutsa m'mizere ya alamu ndinkaona masamba akuchita mawanga. Ndinkapemphera kuti, “Ambuye, munditsegulire khomo, pakuti amene ankandimvera zoterezi munamutenga.”

Lamulungu lina titaweruka, ndinaima pansi pa mtengo wa keshya uwo, ndikudikira mayi namwino aja amene ankapemphera nafe, ochokera kumpoto, ogwira ntchito kuboma. Ndinawayandikira katatu, katatu konse ndinangopereka moni. Kachinayi iwo anaseka.

“Bambo Banda, moni wanu ndalandira wokwana sabata yonse. Nenani chimene chikukuvutani.”

Ndinanena, maso ali pansi. Anandifunsa zaka za alongo anga, ndinati akuyandikira makumi asanu. Anandifunsa funso lina limene sindikanatha kuyankha. Anati, “Basi, limenelo ndikawafunsa ndekha. Nanga panopa akuchita chiyani tsiku lonse?”

Ndinayankha monyadira kuti, “Palibe. Ndinawauza kuti apume.”

Nkhope yawo inasintha. “Bambo, mwawatsekera m'nyumba yamdima. Munthu amene akuopa kuti mutu ukumuthawa, inu n'kumulanda zonse zimene mutuwo unkagwira?”

Abale, mawu amenewo anandilasa. Ndinabwerera kwathu osaona njira.

Lachitatu ndinawakweza alongo anga panjinga mpaka kuchipatala cha kuboma, kwa namwino aja. Anawayeza magazi, anawayeza zonse, anakhala nawo m'kachipinda nthawi yaitali ine ndili panja. Potuluka, alongo anga anali akulira, koma kulira kwina. Anati, “Achimwene, akuti si misala.”

Amayi mundikhululukire, ndinena mmene namwino aja anandiuzira. Mayi akafika msinkhu wosiya kupita kumwezi, thupi limasintha. Ena amamva kutentha, ena tulo timawasowa, ena amaiwalaiwala ndi kupsa mtima. Si ufiti, si chilango. Anawapatsa mankhwala owonjezera magazi, pakuti anali ochepa. Ndipo anatilamula tonse awiri: abwerere kunyimbo, abwerere kwa anzawo, aziyenda, azilima, ndiponso aphunzire chinthu chatsopano chimene sanachidziwepo.

Panjira pobwerera ndinawafunsa chimene angafune kuphunzira. Tinawoloka mlatho. Kenako anati, “Inu bambo anakutumizani kusukulu. Ine anati ndizilera ana. Nyimbo zonse zija ndimangosunga pamtima, buku ndimangoligwira. Ndikanadziwa kuwerenga, tsiku lija pamaliro sindikanachita manyazi.”

Mlongo wanga wobadwa naye bere limodzi, ine osadziwa kuti zimamuwawa chotero.

Tinayamba mawa lake. Masana aliwonse tikaweruka kumunda, pansi pa mango, ine ndi kamtengo kulemba padothi. A, e, i, o, u. Sizinali zokoma ayi. Lero agwira, mawa zathawa. Tsiku lina anafufuta zonse ndi phazi.

“Achimwene, mukuvutikiranji ndi nkhuku yokalamba? Alamu anuwo asiyeni azipita kwawo!”

Ndinati, “Mawa ndibweranso.” Ndinabweranso. Alongo anga analowanso sukulu ya kwacha, ya akuluakulu ija, n'kupeza amayi anzawo amsinkhu womwewo. Kumeneko ndiye anamva kuti si iwo okha: wina thukuta lomwelo, wina kuiwala komweko, aliyense akubisa m'nyumba mwake. Ankabwerako akuseka.

Koma alamu anga sanali kuona zimenezo. Ankalawirira kuboda, kubwera madzulo, kudya osayankhula. Ndinayesa kuwafotokozera za kuchipatala, anati, “Anamwino sagona m'nyumba mwanga.” Mtedza unakumbidwa. Unauma. Unalowa m'matumba. Ndipo uthenga unafika kuti ankhoswe akuchimuna abwera Loweruka.

Tinakhala pabwalo la alongo anga, pafupi ndi khitchini yopsa ija. Alamu anafotokoza zonse, mchere, maliro, moto, osawonjezera bodza ngakhale limodzi. Ankhoswe awo anatembenukira kwa ine. Ndinati, “Wolakwa woyamba ndine. Munthu anadwala pang'ono, ine ndinamukhazika pansi mpaka anadwala kwambiri. Koma ayankhule yekha.”

Alongo anga anagwada. Thukuta lija linabwera pomwepo, aliyense akuona. Ndinati mumtima, Ambuye, tathera pano.

Anati, “Bambo a ana anga, kuiwala ndimaiwala, sindikana. Khitchini ndinatentha ndine. Koma sindine wamisala. Mukafuna kupita, pitani, koma musapite mukuganiza kuti mwasiya wamisala.”

Anatembenukira kumatumba a mtedza amene anali pakhonde. Pathumba lililonse alamu analembapo dzina lawo ndi makala, kuti asasokonezeke kuboda. Alongo anga analoza thumba loyamba n'kuyamba kutchula, chilembo chimodzichimodzi, mpaka dzina lonse linatuluka. Anapita pa lachiwiri. Pa lachitatu anaima.

“Apa mwasiya chilembo chimodzi. Nanunso mumaiwala.”

Ankhoswe akuchimuna anaphulika kuseka, mpaka kutsokomola. Alamu sanaseke. Anadzuka, anapita pathumba paja, anayang'anitsitsa. Kenako anafunsa, mawu ali pansi, “Wakuphunzitsa ndani?”

“Achimwene. Ndi amayi anzanga.”

Sananene kuti ndikhala, sananene kuti ndipita. Anangoti, “Nkhaniyi tiyiimitse kaye.” Ankhoswe anabwerera kwawo. Lolemba chete. Lachiwiri chete. Lachisanu m'mawa ndikupita kudimba, ndinakumana ndi alamu anga akukankha njinga, atamanga mitolo iwiri ya udzu ndi milimo ya denga. Anandipatsa moni, n'kunena kuti, “Alamu, mukapeza mpata mudzandigwirize. Khitchini ija mvula isaipeze chomwecho.”

Abale, mkamwini amene akuchoka safolera denga.

Sindikunama pamaso pa Mulungu kuti zonse zatha. Kutentha kuja kumabwerabe. Mchere nthawi zina umachulukabe. Koma akuyimba, akulima, akuwerenga pang'onopang'ono, ndipo banja lilipo. Abambo anzanga, mayi akafika pamsinkhu umenewu musathamangire kunena za anthu, ndipo musachite zimene ndinachita ine. Pitani naye kuchipatala, ndipo musamulande ntchito ya mutu wake.

Ndikuthokoza Mulungu amene anandidzudzula kudzera pakamwa pa mlendo. Ndikuthokoza amayi a m'bungwe amene munawalandiranso osawafunsa mafunso. Alamu, imirirani anthu akuoneni. Alongo anga, imirirani. Awo ali apowo, pa benchi imodzi. Ine mawu anga ndi ochepa, sindingathe kukondwera ndekha mokwanira. Amayi, ndithandizeni ndi nthungululu. Mpingo wonse, tiwombe m'manja kwa Ambuye. Amen.